Msampha Wosapha: Mbiri ya Kulondola Nyama m'Mapiri a Mchinji

Munthu amene akwera mapiri a Mchinji m'mwezi wa Seputembala, lupsa litadutsa ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba itavala masamba ake ofiira, naima pamwamba kuyang'ana kumadzulo kumene kuli Chipata, natembenukiranso kum'mawa kumene mtsinje wa Bua uyamba ulendo wake wautali wokathira m'nyanja ku Nkhotakota, sangakhulupirire msanga kuti dziko limene aliona pansipo, lodzala ndi minda ya mtedza, fodya ndi chimanga kufikira kumene maso alekeza, lidali kale busa la ntchefu ndi mphalapala, njira ya njovu, ndiponso malo amene mkango unkati ukabangula anthu n'kutseka zitseko dzuwa lisanalowe. Ana a masiku ano amamva mayina a nyamazi m'nthano ndi m'kalasi mokha. Ndipo mukafunsa akulu kuti m'nkhalangomo mwatsala chiyani, wina adzati mbawala zilimo, wina adzati zidatha kale, winanso adzati adamva nyalugwe akulira ngati wocheka matabwa, koma palibe amene angatule umboni pabwalo. Kufuna kudziwa zimene zimayenda m'tchire anthu ali m'tulo ndi nkhani yakale kwambiri kuno kwathu, ndipo kamera zotchera m'njira za nyama, zimene zafika m'dziko muno m'masiku athu ano, zangolowa m'mapazi a anthu amene adayenda kale.

Makolo athu adalibe galasi kapena makina, koma adali ndi nthaka, ndipo nthakayo inkawafotokozera m'mawa zonse zimene zidachitika usiku. Agogo anga aamuna, amene adali mlenje pa unyamata wawo, ankanditenga mame asanakamuke kupita m'mphepete mwa dambo, ndipo pofika pamatope ankagwada osalankhula, nakhudza m'mbali mwa phazi la nyama ndi nsonga ya chala. Pakuti phazi la usiku womwewo limakhala ndi milomo yakuthwa, pamene la dzana limakhala litagumuka, nyerere zitadutsamo ndipo mphepo itagwetseramo tizinyalala. Iwo ndiwo adandionetsa kuti fisi amasiya zikhadabo patsogolo pa zala ndipo phazi lake lakutsogolo limaposa lakumbuyo, koma nyalugwe amabisa zikhadabo zake, phazi lake n'kukhala lobulungira ngati la mphaka wamkulu. Kuti nguluwe imafukula usiku pamene njiri imadya dzuwa likuswa mtengo. Ndi kuti pamene padutsa nungu, minga yake imalemba mizere m'fumbi. Ankathyola ndowe ndi kamtengo kuti aone chinyezi cha m'kati, nadziwa ngati mwini wake ali pafupi kapena wafika kale kuseri kwa phiri. Ine ndikafulumira kutchula dzina la nyama ndisanayang'anitsitse, ankangoti, “Dekha, mdzukulu wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Nzeru imeneyi sidali yosewera nayo, chifukwa pa iyo padatsamira ndiwo za m'mudzi ndi chitetezo cha minda. Wodziwa mkwaso wa nyama ndiye ankadziwa pokumba mbuna, pokunga msampha wa chingwe ndi potchera diwa. Ndipo pa nyengo ya uzimba, mwini tchire atalengeza tsiku, amuna atasonkhana ndi mauta, nthungo, zibonga ndi agalu, iyeyo ndiye ankanena kumene moto uyambire ndi kumene olalira aime. Ulenjewo udali ndi malamulo ake. Tchire lidali ndi mwini, losatenthedwa ndi munthu wamba. Nyama idali ya amene wayamba kuilasa. Mkazi wotsala kumudzi ankadzisunga kuti mwamuna wake angaone tsoka kuthengo. Chikopa cha mkango ndi cha nyalugwe chinkapita kwa mfumu, monganso mnyanga wa njovu umene wagunda pansi, ndipo wotola ngaka sankaidyera m'seri koma ankakaitula kwa eni dziko. Kuti nyama idali yoposa ndiwo m'mitima ya Achewa tikuona kufikira lero pabwalo la gule wamkulu, pamene kasiyamaliro, chilembwe ndi njovu zituluka kudambwe kudzalemekeza maliro. Kotero kuti m'midzi ya kwa Mkanda, kwa Mavwere ndi kwa Dambe chilombo chikuvinabe pabwalo, ngakhale mnzake wa m'tchire adachoka kalekale.

Chimene chidayamba kupotoza ulenje ndi malonda a minyanga. Achikunda ochokera ku Tete ndi amalonda ena adafika ndi nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti za gogodera, ndipo njovu, imene kale inkagwa kamodzikamodzi midzi yonse n'kudya, idasanduka katundu wopita kugombe. Angoni, amene adawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, adadzakhazikika m'dera lino pansi pa Mpezeni cha m'ma 1870, namanga midzi ikuluikulu yoyandikana, naweta ng'ombe zochuluka, nachita mauzimba a magulu ankhondo amene ankakankhira nyama kutali. Koma mu 1898 asilikali a Angerezi adathyola ufumu wa Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nalanda ng'ombe zikwizikwi, namanga linga limene adalitcha Fort Manning potengera mkulu wawo William Manning, dzina limene boma lino lidasenza kufikira dziko litalandira ufulu. Midzi itabalalika, anyamata atapita ku Halale kukafuna ya msonkho, ndipo mfuti zitamangidwa ndi ziphaso, thengo lidabwerera m'masala, nyama zidatsata thengo, ndipo kashembe adatsata nyama, nabweretsa imfa ya ng'ombe ndi nthenda ya kaodzera.

Boma la atsamunda lidayankha ndi malamulo ndi malire. Malamulo a ulenje adayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo lamulo la mu 1926 lidamanga manja a mlenje wa m'mudzi poletsa njira zambiri za makolo. Mapiri a Mchinji, mahekitala oposa 19,000, adalowa m'kaundula wa nkhalango za boma mu 1924; ndipo kumpoto kwathu ku Kasungu, kumene anthu adasamutsidwa chifukwa cha kaodzera, malo amene adasiyawo adakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, malo osungira nyama mu 1930, ndi paki mu 1970. Zilombo zidachuluka kufikira kuti m'zaka za 1929 ndi 1930 mikango idapha anthu oposa 30 m'boma la Fort Manning m'miyezi yowerengeka. Pa masiku a maliro otere wolondola mapazi ankafunidwa ndithu: mzungu ankanyamula mfuti nalemba za ulendowo m'mabuku, koma amene ankayenda patsogolo, maso ali pansi, kuwerenga udzu wopindika ndi dontho la magazi patsamba, adali mwana wa m'mudzi, amene dzina lake silidalembedwe. Ndipo munthu yemweyo akakunga msampha wa banja lake ankatengedwa ngati wakuba. Kuyambira pamenepo luso limene lidali ulemu wa mudzi lidalowa m'seri, ndipo m'malo mwa chingwe cha luzi mudalowa khwekhwe wa waya, amene sasankha yaikazi kapena yaing'ono, ndipo amapha ngakhale mwini wake ataiwala pamene adatchera.

Zimene zidatsatira tidaziona ndi maso athu. Ma esiteti a fodya adagwetsa mitengo, ng'anjo za makala zidakwera m'mapiri, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji lokha. Njovu za ku Kasungu, zimene zidali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, zidatsala pafupifupi 50 pofika mu 2015, mpaka mu 2022 boma ndi mabungwe adachita kunyamula njovu 263 pa magalimoto kuchokera ku Liwonde. Ndipo popeza njovu sidziwa malire a maboma kapena a mayiko, zina zidatulukira m'minda mbali zonse ziwiri za malire, ndipo padagwa maliro. Chotero funso la mbadwo uno lasiyana ndi la makolo. Iwo ankafunsa kuti nyamayo aipha bwanji. Ife tifunsa kuti yatsala iti, ilipo ingati, ndipo imadutsa pati. Koma nyama yotsala yaphunzira kuopa munthu, imayenda usiku wokhawokha, ndipo alenje amene akadatiwerengera mapazi ake akutha mmodzimmodzi.

Apa ndi pamene msampha wakale uja udabwerera mwa mtundu wina. M'zaka za m'ma 1890, loya wina wa ku America dzina lake George Shiras, amene adaphunzira kwa alenje a mtundu wa Ojibwe kuyandikira nyama usiku ndi muuni m'bwato, adayamba kukunga chingwe m'njira za nyama m'nkhalango za Michigan, nachilumikiza ku kamera ndi ku ufa woyaka ngati mphezi, kuti nyama ikakhudza chingwecho idzijambule yokha. Ndipo mu 1906 magazini ya National Geographic idasindikiza zithunzi zake 74. M'zaka za m'ma 1920, F. W. Champion, woyang'anira nkhalango ku India, adatchera motero akambuku a mizere a kumeneko, naona kuti mizere ya mmodzi sifanana ndi ya mnzake. Ndipo m'zaka za m'ma 1990 Ullas Karanth adamanga pa mfundo imeneyi njira yowerengera akambukuwo ku Nagarahole, ku India komweko, pozindikira aliyense ndi malaya ake. Kamera za nthawi imeneyo zinkadya filimu ya zithunzi 36 zokha, koma chitadutsa chaka cha 2000 zidafika za digito, zosunga zithunzi zikwizikwi pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo, kotero kuti kuyambira mu 2010 ofufuza adatha kutchera kamera 225 nthawi imodzi ku Serengeti. Taonani tsono kuti maganizo ake ndi a diwa ndi msampha: kupeza njira, kukunga, kuchoka, ndi kudzaonja m'mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti nyama yokodwayo imapitiriza ulendo wake ili yamoyo.

Kuno kwathu kamera zotere zagwira ntchito ku Majete, ku Nkhotakota kumene Bua wathu amathera, ndi ku Kasungu. Pakati pa 2016 ndi 2018 ofufuza adazitchera m'paki ya Kasungu kuti awerenge anyalugwe ndi afisi ndi mawanga awo, ndipo adapeza kuti pa dera la makilomita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pali anyalugwe pafupifupi awiri ndi fisi mmodzi, chiwerengero chochepa kwambiri poyerekeza ndi malo ena a mu Africa. Uwu ndi umboni umene mphekesera sizikadapereka. Ndipo ngati zinthu zili choncho m'paki yolonderedwa ndi asilikali a nyama, tiyenera kufunsa mwamantha za mapiri athu, amene azingidwa ndi midzi mbali zonse.

Tsono iye amene afuna kugula kamera yotere, kaya ndi mphunzitsi wotsogolera kalabu ya zachilengedwe, kaya ndi komiti ya nkhalango ya m'mudzi, kaya ndi mlimi wofuna kudziwa chimene chikumuthera chinangwa, asankhe monga mlenje ankasankhira msampha, poyamba kudzifunsa kuti akutchera nyama yanji. Ogulitsa amalemba pabokosi chiwerengero chachikulu cha megapixel, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, pakuti kawirikawiri chiwerengerocho n'chofufumitsidwa ndi makina a m'kati ndipo sichiwonjeza kanthu pa chithunzi. Choyamba kufunsa ndi changu cha kufwamphuka. Kamerayo ili ndi kadiso kamene kamamva thupi lofunda likamadutsa, ndipo pakati pa kumvako ndi kujambula pamapita kamphindi. Imene imachedwa sekondi yathunthu idzakupatsani mchira wa gwape kapena njira yopanda kanthu, pamene yofwamphuka theka la sekondi lisanathe idzakupatsani nyama yonse. Chachiwiri ndi changu chimene imadzikungiranso itajambula, chifukwa nguluwe zimayenda m'gulu, ndipo kamera yochedwa idzaona yotsogola yokha. Chachitatu ndi mtunda umene kadisoko kamafika, umene pa zambiri umakhala mamita 15 mpaka 25. Koma dziwani kuti m'mwezi wa Okutobala, pamene nthaka ndi mpweya zitentha ngati thupi la nyama, kadisoko kamavutika kusiyanitsa, ndipo mtundawo umafupika.

Chachinayi, chimene chimalekanitsa kwambiri kamera ndi inzake, ndi muuni wake wa usiku, umene uli wa mitundu itatu. Pali yong'anima kuwala koyera, imene imatulutsa chithunzi cha mtundu ndi mawanga ooneka bwino, yoyenera wowerenga anyalugwe, afisi ndi njuzi, koma imadziulula kwa nyama ndi kwa wakuba yemwe. Pali ya infrared yoyaka mofiirira ngati khala lozilala, imene imaona patali koma chithunzi chake n'chakuda ndi choyera. Ndipo pali ya infrared yosaoneka konse ndi maso a munthu, imene imabisala bwino pafupi ndi njira za anthu, koma muuni wake ndi wofupika ndipo nyama yothamanga imatuluka ngati utsi. Za mabatire musaumire: kamera zambiri zimadya mabatire a AA asanu ndi atatu kapena khumi ndi awiri, ndipo a lithium amatha miyezi, pamene otchipa a pagolosale amafa m'masiku ochepa, mwina n'kuchucha n'kuwononga zitsulo za m'kati, kanema nayenso amamaliza batire ndi khadi msanga kuposa zithunzi. Zilipo zotumiza zithunzi pafoni kudzera pa Airtel kapena TNM, zothandiza kuchenjeza mudzi njovu zikayandikira, koma m'zigwa za m'mapiri netiweki imasowa, ndipo pafupi ndi malire foni imakonda kugwira ya ku Zambia. Pa mitengo, Reconyx imadziwika ndi kulimba ndi kudula; Browning, Bushnell ndi Cuddeback zili pakati; ndipo pansi pali zopanda dzina lodziwika, zimene mvula yoyamba imatha kuzilowa. Popeza wowerenga nyama za mawanga amatchera kamera ziwiri moyang'anizana kuti aone nthiti zonse ziwiri, ndipo amafuna malo ambiri, kuli bwino kukhala ndi zingapo za mtengo wapakati kusiyana ndi imodzi yodula. Pomaliza yang'anani mphira wa pachitseko chake ndi bokosi lachitsulo la unyolo, pakuti adani ake kuno ndi mvula, nyerere, mano a fisi, chitamba cha njovu, lupsa ndi dzanja la munthu.

Komatu mlendo, ngakhale abwere ndi kalumo kakuthwa, njira ya kuchitsime amafunsa eni mudzi. Kamera yodula yomangidwa pamtengo wolakwika ndi yakhungu, ndipo amene adziwa mtengo woyenera ndi yemwe uja wogwada pamatope: iye ndiye adziwa pamene mikwaso iwiri ikumana, pamene madzi amatsala m'chilimwe, pansi pa msuku umene zipatso zake zimaitana nyama, ndi pauna umene ukali ndi mwini. Kamerayo imangidwe molingana ndi bondo la munthu, iyang'ane kumpoto kapena kumwera kuti dzuwa lotuluka ndi lolowa lisaithobwe m'maso, ndipo udzu wa patsogolo pake usengedwe, chifukwa udzu wofunda ukamagwedezeka ndi mphepo umainyenga. Aliyense amene adatsegulapo khadi pa kompyuta patapita mwezi adziwa kudekha kumene kumafunika: zithunzi mazanamazana za udzu, ng'ombe za m'mudzi, mayi atasenza mtolo wa nkhuni, galu wosokera, ndiyeno mwadzidzidzi, pa chithunzi chimene m'munsi mwake mwalembedwa tsiku ndi 2 koloko ya usiku, chiuli ali phee pakati pa njira, msana wake uli mbuu, maso akunyezimira, nyama imene ambiri adaiwerengera kale pamodzi ndi zakufa. Pamenepo nkhalamba imene idasankha mtengowo imamwetulira, pakuti zimene idawerenga m'fumbi zaonekera poyera.

Chida chilichonse chili ndi mwambo wake, ndipo ichi chili ndi wake. Kamera imaona anthu monga imaonera nyama, n'chifukwa chake isatcheredwe mfumu isanapemphedwe ndi mudzi usanauzidwe, ndipo m'nkhalango ya boma kapena m'paki munthu ayambe wapeza chilolezo kwa oyang'anira. Isayandikire manda, dambwe, kapena pamadzi pamene amayi amasamba; chithunzi cha munthu chifafanizidwe, osachimwaza pa WhatsApp. Koposa zonse, malo amene ngaka kapena nyalugwe waoneka akhale chinsinsi, popeza boma lathu lili pa malire pamene ozembetsa ngaka ndi minyanga amadutsa, ndipo ngakhale lamulo la mu 2017 lidakweza chilango kufika zaka 30 m'ndende, chithunzi choikidwa pa Facebook mosasamala chikhoza kukhala mlozo wotsogolera wakupha.

Malembo amatiuza kuti ntchito yoyamba ya munthu m'munda muja idali kuulima, kuusunga ndi kutchula zamoyo mayina; ndipo kapitawo wosadziwa chiwerengero cha zimene adamsungitsa adzasowa chonena pa tsiku lofunsidwa. Inu mafumu a Mchinji, a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni pamodzi ndi a kwa Mkanda ndi kwa Mavwere, inu aphunzitsi ndi akulu a mipingo, itanani nkhalamba zimene zikali kudziwa mapazi a nyama, muzichotse manyazi amene malamulo akale adaziveka, ndipo muzitume kuphiri pamodzi ndi adzukulu awo onyamula kamera, kuti wina aloze njira, wina akunge msampha wosaphawu, ndipo mudzi wonse udzaone chimene chakodwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma sakhala nafe mpaka kale. Chitani izi iwo akali ndi maso, ndipo nyama zikali kusiya mapazi m'mapiri athu.